Momwe mungadzalire nsungwi yamoyo m'thanki ya nsomba ya m'nyumba

Ngati mwaonapo pa intaneti chithunzi cha thanki ya galasi momwe timitengo tobiriwira taimirira ndondondo, nsomba zikuzembazemba pakati pake, dziwani kaye chinthu chimodzi musanathamangire kudambo ndi chikwanje: chomera chimenecho si nsungwi yathu ija yolukira malichero ndi madengu. Nsungwi yeniyeni ndi mtundu wa udzu, ndipo ngakhale imakonda kumera m'mbali mwa mitsinje, mizu yake imafuna nthaka yopuma. Mukaimiza m'madzi usana ndi usiku imaola, madzi amachita utsi n'kuyamba kununkha, ndipo zoyamba kuvutika ndi nsomba zanu.

Chimene mukufuna ndi chomera chotchedwa Dracaena sanderiana, chimene ogulitsa maluwa amachitcha lucky bamboo. Chili ndi mfundo pa tsinde ngati nsungwi, koma ubale palibe. Kwawo ndi kuno ku Africa, makamaka ku Cameroon ndi madera oyandikana nawo, komwe chimamera pamthunzi wa mitengo ikuluikulu m'nkhalango zachinyezi, ngakhale chinatchuka kwambiri ku China komwe amachipinda mokongola n'kumapatsana ngati mphatso. Lamulo lake lalikulu ndi limodzi basi: mizu m'madzi, masamba kunja. Zina zonse zimene ndilembe pano zikuchokera pa lamulo limeneli.

Yambani ndi kuyeza thanki musanapite kogula. Tengani tepi muone kuchokera pansi mpaka pomwe madzi amalekezera. Tsinde limene mugule lipose pamenepo ndi masentimita 10 kapena 15, kuti pomwe patuluka mphukira ndi masamba onse akhale pamwamba pa madzi. Thanki ya madzi akuya masentimita 30 imafuna tsinde la masentimita 40 kapena 45. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa: amagula kamtengo kafupi chifukwa n'kotchipa, n'kukamiza konse. Kamaoneka bwino kwa milungu ingapo, kenako masamba amayamba kufewa ndi kuyoyoka, chifukwa chomerachi chimapumira masamba ndipo sichinapangidwe kuti chizipuma pansi pa madzi.

Kogulako, finyani tsinde ndi zala pang'ono. Likhale lolimba ndi lobiriwira kuyambira pansi mpaka pamwamba. Lofewa, lamakwinya kapena loyamba chikasu lisiyeni, ngakhale akuchotsereni mtengo. Ine ndimalimbikitsa matsinde oongoka, chifukwa opindidwa aja savuta kugwa ndipo amadya malo osambira nsomba.

Mukafika kunyumba musafulumire kuponya m'thanki. Chotsani kawaya kagolide kapena kansalu kofiira kamene amamangira matsinde pamodzi, pakuti chitsulo chikachita dzimbiri m'madzi chimapweteka nsomba, ndipo kopa ndiye woopsa kwambiri. Tsukani mizu mpaka zonse zoterera zimene anaikamo kusitolo zichoke. Kenako imikani matsindewo m'ndowa yoyera ya madzi kwa mlungu umodzi kapena iwiri, mukusintha madzi masiku awiri alionse. Simudziwa kuti wogulitsa anathira feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo otani, ndipo ndi bwino zimenezo zitsalire m'ndowa. Masamba a m'munsi amene angamire athotholeni mosamala powakokera pansi. Phula limene lili pamwamba pa tsinde pomwe anadula lisiyeni, limateteza kuti pasalowe matenda.

Tsopano kudzala. Pansi pa thanki payenera kukhala timiyala totsukidwa bwino tokwana masentimita 7 mpaka 10. Kumbani kadzenje ndi chala, lowetsani mizu pamodzi ndi mfundo ya m'munsi, bwezerani timiyala mozungulira osatsindira mwamphamvu. Mizu yake ndi yosachedwa kuthyoka. Tsinde likamapendekeka, litsamiritseni ndi miyala iwiri kapena itatu yokulirapo mpaka litagwira lokha. Siyani mpata wa zala zitatu kapena zinayi pakati pa tsinde ndi linzake kuti nsomba zizidutsa komanso zinyalala zisamaunjikane pamenepo. Kumbuyo ndi m'makona a thanki ndi malo abwino kuposa pakati.

Ngati thanki yanu ndi yakuya kwambiri, kapena simukufuna kusokoneza pansi, pali njira ina yosavuta imene ndimaikonda. Imikani matsinde m'bokosi la sefa (kamakina kamagetsi kosefa madzi) yopachika kumbuyo kwa thanki, mizu yokha itamira m'madzi oyendawo. Kumeneko mizu imalandira mpweya wokwanira ndi chakudya chosalekeza, ndipo chomera chimakula msanga kuposa cha m'timiyala. Thanki ikakhala ndi chivindikiro, boolani mabowo oti tsinde lingodutsa. Musachotse chivindikiro chonse ngati muli ndi nsomba zodumpha monga betta.

Nkhani ya madzi ndi imene ikufuna kuidekhera, chifukwa ndi pomwe ambiri amataya chomera osadziwa chachipha. Madzi a pampopi m'mizinda amathiridwa klorini, ndipo klorini amapsereza nsonga za masamba komanso amawononga makha a nsomba. Tungani madzi m'ndowa yosavindikira, agone usiku ndi usana wathunthu, kapena thirani mankhwala ochotsa klorini amene amagulitsidwa komwe kumapezeka zakudya za nsomba za m'nyumba. Madzi amene mwathira WaterGuard kuti mumwe asayandikire thanki n'komwe, pakuti ndi klorini yemweyo.

Vuto lachiwiri ndi fluoride, mchere wachilengedwe wopezeka m'madzi ena a pansi pa nthaka, ndipo iyeyu sachoka ngakhale madzi agone mlungu wathunthu, kuwiritsanso sikuthandiza. Zomera za mtundu wa Dracaena zimadana naye kwambiri. Mijigo ina m'Malawi muno ili ndi fluoride wochuluka, ndipo chizindikiro chake anthu amachidziwa kale: ana okulira m'deralo amakhala ndi mano othimbirira ofiirira. Ngati kwanu kuli choncho, kapena madzi a pamjigo wanu amamveka mchere monga zimakhalira m'madera ena a m'chigwa cha Shire, sakanizani ndi madzi a mvula. Koma musatape mvula yoyamba yotsuka fumbi ndi dzimbiri la padenga. Dikirani ivumbe kaye ndithu, kenako tcherani beseni loyera. Posintha mtundu wa madzi chitani pang'onopang'ono, chifukwa nsomba sizikondwa ndi kusintha kwadzidzidzi.

Kuwala kukhale kwa chipinda chowala koma dzuwa losaomba mwachindunji. Dzuwa la pawindo la mwezi wa October limawaula masamba, limatenthetsa madzi, ndiponso limabweretsa ndere pagalasi. Getsi wamba la thanki loyaka maola 8 patsiku likukwana. Chomerachi chimasangalala pa kutentha kwa madigiri 18 mpaka 30, ndipo kutentha kumene nsomba zambiri za m'nyumba zimafuna kuli mkati mwa malire amenewa. Okhala kozizira ngati ku Dedza kapena ku Mzuzu, chotsani thanki pafupi ndi windo m'miyezi ya June ndi July.

Nanga nsomba zake? Guppy, molly, platy, tetra ndi betta zimakhala nacho mwamtendere, ndipo tiana ta guppy timabisala bwino m'mizu yake. Goldfish ndi zofukula komanso zimabudula mizu yanthete. Mbuna za m'nyanja ya Malawi, zimene dziko lonse limasirira chifukwa cha mitundu yake yowala, ndi akatswiri okumba mchenga, moti tsinde lodzalidwa madzulo mukhoza kulipeza likuyandama m'mawa. Kuonjezera apo, mbuna zimafuna madzi a pH yokwera (pH ndi muyeso wa asidi m'madzi, ikakwera ndiye kuti asidi ndi wochepa), pakati pa 7.7 ndi 8.6 ngati a kunyanja, pomwe chomerachi chimakonda madzi a pH yotsikirapo. Chimapirira, koma chimakula mochedwa. Kwa osunga mbuna, njira ya m'bokosi la sefa ija ndi imene ingakupulumutseni.

Feteleza wa kumunda, kaya ndi urea kaya NPK, musathire ngakhale kambewu kamodzi. Chakudya cha chomerachi ndi zonyansa za nsomba zomwezo. Tizilombo tabwino ta m'sefa timasandutsa amoniya, poizoni wochokera m'zonyansazo, kukhala nitrate wosaopsa kwambiri, ndipo mizu imayamwa gawo lina la nitrate ameneyo. Apa ndichenjeze mosabisa, chifukwa ena amakokomeza: matsinde atatu kapena anayi salowa m'malo mwa sefa. Chomerachi chimakula pang'onopang'ono, choncho chimayamwanso pang'ono. Mpweya umene chimatulutsa umapita m'chipinda, popeza masamba ali kunja, ndiye magetsi akazima nthawi yaitali, sefa n'kuima, musadalire chomerachi kupatsa nsomba mpweya. Tapani madzi ndi kapu n'kumawatsanulira momwemo kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe, ndipo nsomba muzipatse chakudya chochepa tsiku limenelo. Kusintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi mlungu uliwonse kupitirire monga kale.

Posintha madzipo, yang'anitsitsani mizu. Yoyera, yachikasu chofiirira kapena yofiira ngati karoti ndi yathanzi, musachite nayo mantha. Yakuda, yoterera ndi yonunkha iduleni ndi sizasi yoyera. Nsonga za masamba zikauma, ganizirani za klorini kapena fluoride. Tsamba limodzi la m'munsi likachita chikasu ndi ukalamba chabe, lichotseni. Koma tsinde lenilenilo likayamba chikasu, silibwereranso, ndipo lizuleni tsiku lomwelo lisanaolere m'madzi n'kukweza amoniya. Ngati pamwamba pake pali mphukira yobiriwira, ipulumutseni.

Kupulumutsa mphukira n'chimodzimodzi ndi kuchulukitsa mbewu. Dulani mphukira ya masentimita 10 kapena kuposerapo pomwe yatulukira pa tsinde, chotsani masamba awiri a m'munsi, imikani m'botolo la madzi oyera pamalo owala. Pakatha milungu ingapo timizu toyera timatuluka, ndipo ikatalika mokwanira ikhoza kulowa m'thanki. Mukafupikitsa tsinde lathanzi, dulani pamwamba pang'ono pa mfundo, dikirani paume, kenako donthezani phula la kandulo pabalapo. Mphukira zatsopano zidzatulukira pa mfundo ya m'munsi mwake. Masamba ndi zidutswa zimene mwadula muzitaye komwe mphaka ndi galu sangafike, chifukwa akatafuna amasanza ndi kuchucha dovu, ndipo ngati mphaka wanu amakonda kukwera pa thanki, masambawo akhale mbali ya kukhoma komwe sangawafikire.