Mtedza ndi ufa wochokera kumudzi: mmene mungapewere poizoni wa chuku

Amene timalandira katundu pa basi kuno ku Johannesburg, thumba likangofika musathamangire kuika pansi pa bedi. Limakhala layenda masiku likutenthedwa mu buti, nde ngati mtedza unali wosauma bwino chuku chayamba kale ntchito.

Chuku cha mtedza chija dzina lake ndi Aspergillus flavus, poizoni wake aflatoxin. Kuti chipange poizoniyu pali majini (ma gene, tizinthu ta m'maselo totsogolera zochita za chamoyo) pafupifupi 30 amene anandandalikana malo amodzi, ndipo pali ina yotchedwa aflR imene ili ngati kapitawo, ikadzuka iyoyo enawo onse amayamba ntchito. Zina mwa zomwe zimawadzutsa ndi kutentha ndi chinyezi. Koma chuku china chamtundu womwewu sichipanga poizoni olo pang'ono, majini ake ena anaduka, ndipo ndi chimenecho a IITA, bungwe lofufuza za ulimi, amaika mu Aflasafe yemwe alimi amawaza m'munda kuti chilande malo a choipacho. Chimanga chilinso ndi chake, Fusarium verticillioides, majini ake ndi a FUM, poizoni wake fumonisin anamutulukira konkuno ku South Africa mu 1988.

Nde pangani izi. Khuthulani mtedza pa lichero, sankhani wofota, wosweka, wobooka ndi wosintha mtundu, tayani, osati kupatsa ana kapena kusinja nsinjiro ayi. Wowawa mkamwa lavulani. Kukazinga kapena kuphika sikuthetsa aflatoxin, ndipo amaononga chiwindi mpaka khansa, makamaka kwa amene ali ndi hepatitis B. Ku Kenya mu 2004 anthu 125 anafa ndi chimanga chokhala ndi aflatoxin.

Akumudzi auzeni asamanyowetse mtedza kuti usavute kusenda, bola atumize wamakoko. Chimanga chiume chinyezi chifike pa 13 peresenti, poyesa aike njere m'botolo louma ndi mchere nkukhutchumula, mchere ukamata m'mbali nde kuti sichinaume. Ine mgaiwa ndimaukonda koma pankhani iyi ufa woyera ukuposa, kukonola ndi kuviika kumachotsa poizoni wambiri, amatsalira m'madeya.

Kuno sungani m'chigoba chotseka bwino, pamwamba, kutali ndi khoma lonyowa, makamaka miyezi ya mvula m'ma rumu athu othinanawa. Nsinjiro sinjani zochepa zoti zithe msanga, zotsala ku fuliji.