Kupenta kandege kapulasitiki kuti kaoneke ngati chitsulo chenicheni

Kuyambira mu 1944, ndege zambiri zankhondo za ku America zinkatuluka m'fakitale zosapentedwa, malata a aluminiyamu ali poyera. P-51D Mustang ndi F-86 Sabre, zimene gulu la 2 Squadron la South African Air Force linaulutsa ku Korea pakati pa 1950 ndi 1953, zinali zotero. Nchifukwa chake amene amamanga tindege tapulasitiki muno mu Johannesburg sachedwa kukumana ndi ntchito imeneyi, ndipo ambiri amaiopa. Mantha ake ndi omveka. Penti wobiriwira kapena wotuwa amabisa zolakwika zing'onozing'ono, koma penti wa siliva amaulula chilichonse: kamzere ka sandipepa, chidindo cha chala, msoko wosatsekeka bwino, ngakhale kafumbi kamodzi. Ntchito yaikulu ili pa kukonza pulasitiki. Kupopera siliva kwenikweniko sikutenga ndi ola limodzi lomwe.

Musanagule penti aliyense, yang'anitsitsani ndege yeniyeni. Ku Rand Airport ku Germiston kuli malo osungirako ndege zakale za South African Airways, ndipo ku Swartkop, kufupi ndi Centurion, kuli SAAF Museum, malo osungirako ndege zakale za South African Air Force. Mukafika pafupi mudzaona kuti aluminiyamu wa pandege sawala ngati kalilole. Amafanana ndi sefuliya yokwechedwa bwino ndi mchenga: imanyezimira, koma nkhope yanu simuiona bwinobwino. Lata lililonse lili ndi kawalidwe kake, chifukwa ena ndi a mtundu wina wa chitsulo, ena anadulidwa mopingasa, ena amapsa ndi utsi wa injini. Kumbukirani chabe kuti ndege zosungidwazi zina zinapentedwa siliva pambuyo pake, zina zakhala padzuwa zaka zambiri, choncho muziyerekezere ndi zithunzi za nthawi imene zinkagwira ntchito.

Misoko, pamene zidutswa ziwiri za pulasitiki zalumikizana, ndiye poyambira. Guluu wosungunula pulasitiki, monga Tamiya Extra Thin, amagwira bwino, koma malo amene wasungunulawo amapitiriza kufota kwa masiku angapo. Mukasalaza msoko tsiku lomwelo nkupenta, pakatha sabata mudzaona kamzere kotsika kakuonekera pansi pa siliva pamsana pa ndege, pamene munkati mwathana napo. Njira zilipo ziwiri. Mutha kulisiya thupi la ndege sabata yathunthu kapena kuposerapo musanalikhudze ndi sandipepa. Kapena muthire supagulu mumsokomo, chifukwa iye safota. Supagulu musalazeni lisanathe ola limodzi. Akagona usiku amauma kuposa pulasitiki, ndiye sandipepa imadya m'mbali nkusiya kamtunda pakati. Phala lotsekera mipata la m'chubu lipeweni pa ndege ya siliva ngati nkotheka, popeza limafota komanso limamwa penti mosiyana ndi pulasitiki, ndipo chigamba chake chimaonekera.

Posalaza musadumphe manambala a sandipepa, amene akamakwera sandipepayo imakhala yosalala kwambiri. Yambani ndi 600, kenako 1000, 1500, 2000, mukunyowetsa ndi madzi, ndipo nthawi iliyonse mukasintha nambala musinthenso mbali yokwechera. Mukatero mumaona ngati mizere ya sandipepa yapitayo yafafanizika. Kuchoka pamenepo pitani ku tinsalu ta Micro-Mesh, 3600 mpaka 8000, kapena 12000 ngati mukufuna kuwala kwambiri. Amene amachoka pa 600 kulumphira pa 3600 amapeza pulasitiki yonyezimira pamwamba koma yodzaza ndi mizere yakuya, ndipo siliva amaitulutsa yonse. Mizere yolekanitsa malata imene yafafanizika ijambuleninso ndi singano yomangidwa m'chogwirira, tepi yolimba ikukutsogolerani, kukoka pang'onopang'ono kanayi kapena kasanu m'malo mokanikiza kamodzi. Timilomo timene singano yatukula m'mbali mwa mzere tisalazeni ndi 2000.

Kuti mudziwe ngati msoko watha, pakani siliva pang'ono pamenepo ndi burashi kapena cholembera cha siliva, muyang'ane mopendeketsa pawindo. Chikaoneka chilichonse, bwererani ku sandipepa. Zonse zikakhala bwino, tsukani kandege ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, kasiyeni kaume kokha, ndipo kuyambira pamenepo muzikagwira mutavala magolovesi. Lowetsani kamtengo pamalo a pulopela kapena potulukira utsi kuti mupeze pogwira.

Siliva asapite pa pulasitiki yosapaka kanthu. Penti wa lacquer (wosungunulidwa ndi mankhwala amphamvu ouma msanga) monga siliva wa Alclad II ndi waukali, amatha kudya pulasitiki nkuisiya yokhakhala. Pamafunika primer, penti woyamba wapansi, ndipo mtundu wake ndi umene umalamula mmene chitsulo chidzaonekere. Pa ndege imene inkagwira ntchito kunkhondo, primer wa Mr. Surfacer 1500 wotuwa kapena wakuda ndi wokwanira. Msungunuleni ndi thina wa Mr. Color Leveling Thinner, gawo limodzi la primer pa limodzi ndi theka kapena awiri a thina. Akauma tsiku lathunthu, mpukuteni mopepuka ndi 6000 mpaka atasalala. Primer wakuda wonyezimira ndi wa mitundu ya siliva yowala kwambiri yokha, monga Chrome ndi Polished Aluminium, chifukwa mitundu imeneyi ndi yopyapyala ndipo kuwala kwake kumachokera pa kusalala kwa wakuda ali pansiyo. Anthu ambiri amaika wakuda wonyezimira pansi pa ndege iliyonse, mapeto ake Mustang ya ku Korea, imene inkatera pa mabwalo a fumbi ndi matope, imaoneka ngati bampala ya galimoto. Kuwala kotereku kusungireni ndege zonyamula anthu ndi zachionetsero, zimene zinkapukutidwa ndi manja. Ngati wakudayo ndi wa enamel (penti wa mafuta wochedwa kuuma), mpatseni masiku asanu mpaka asanu ndi awiri. Fungo likamamvekabe mukanunkhiza pafupi, sanaume, ndipo siliva wopopera pamenepo amadzang'ambika timing'alu.

Alclad II amabwera wosungunula kale, musathiremo thina. Gwedezani botolo mpaka zokhala pansi zonse zitasakanikirana, ndipo muzithira pang'onopang'ono m'kapu ya airbrush (kachipangizo kopopera penti ndi mpweya), chifukwa tizitsulo ta mu penti timatsika msanga. Kamwa ya airbrush ya 0.2 kapena 0.3 mm ndi yoyenera, mphamvu ya mpweya pa 12 mpaka 15 psi, mtunda wa masentimita 5 mpaka 8. Poperani mopyapyala, ulendo woyamba primer azionekabe, wachiwiri ndi wachitatu ndiye atseke. Pa mitundu yowala kwambiri ija lekani msanga, kuwala kukangofika. Mukaonjezera, wakuda wapansi amakwiririka ndipo zonse zimasanduka siliva wamba wothimbirira. AK Xtreme Metal amapoperedwa chimodzimodzi, koma ndi wa enamel, zimene zidzakhale ndi kanthu pa nthawi yodetsa mizere ya pakati pa malata ndi penti woderako. Vallejo Metal Color ndi wa madzi, fungo lake ndi lochepa, koma amafuna tsiku lathunthu musanamuike tepi. Amene alibe airbrush angagwiritse ntchito chitini cha Tamiya AS-12, chimene chimatulutsa aluminiyamu wabwino wolimba.

Nyengo ya Johannesburg imalowerera kwambiri pa ntchito imeneyi. Mzindawu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo kuyambira May mpaka August mpweya umauma gwaa. Thina amauluka msanga, moti penti amatha kuuma ali m'malere asanafike pa kandege, nkugwa ngati mchenga. Zimenezi zimaonekera kwambiri pamene phiko lakumana ndi thupi, chifukwa mpweya umazungulira pakona pamenepo. Mukaona kukhakhala, musakweze mpweya: utsitseni, muyandikire, ndipo muyambe ndi m'makona musanapite poyera. Pamene pakhakhala kale pukutani ndi 8000 nkupoperanso. M'miyezi yomweyi pulasitiki ikapukutidwa ndi nsalu youma imakoka fumbi yokha, ndipo mphepo ya mu August imabwera ndi fumbi la m'milu ya migodi, makamaka kwa okhala chakummwera kwa mzinda. Pukutani kandege ndi kansalu konyowa pang'ono, wazani madzi patebulo ndi pansi, ndipo mukangomaliza kupopera kavundikireni ndi bokosi lapulasitiki loyera. Nyengo ya mvula vuto ndi lina. Mabingu a masana akadutsa, chinyezi chimakwera, madzi amadzaza m'paipi ya kompuresa nkulavulira pa phiko, ndipo lacquer amachita mbuu. Poperani m'mawa, ndipo muzikhuthula kabotolo kogwira madzi ka pa kompuresa musanayambe.

Nkhani ya fungo isatengedwe mopepuka, makamaka kwa amene akuchita lendi chipinda chimodzi ndi banja. Nthunzi ya lacquer imapweteka mapapo komanso imayaka moto. Musapopere pafupi ndi hita ya palafini, chitofu cha gasi kapena kandulo, ngakhale kuzizire motani. Kansalu ka pamphuno sikatchinga nthunzi imeneyi. Pamafunika chigoba chokhala ndi zosefera za mtundu wa A1 kapena A2, windo lotsegula, ana ali kutali. Ngati malo otero palibe, sankhani penti wa madzi.

Chimene chimasandutsa kandege ka siliva kukhala ndege yachitsulo ndi kusiyana kwa malata. Siliva woyamba akagona usiku, tchingani malata ena ndi tepi ya Tamiya, mutayamba mwaimata padzanja kawiri kuti ichepe mphamvu, ndipo mupopere mtundu wina monga Duraluminium, Dark Aluminium kapena White Aluminium. Ulendo umodzi wopyapyala ndi wokwanira. Mitundu itatu kapena inayi imakwana ndege yonse, ndipo kusiyana kwake kukhale kochepa, koti munthu akuone akapendeketsa. Musasankhe malata mwachisawawa, tsatirani ndege yeniyeni, ndipo chimene mwachita kumanzere muchitenso kumanja. Pa Mustang, malata ozungulira mapaipi a utsi ndi a chitsulo chosachita dzimbiri, choderako. Mapiko ake ambiri sanali chitsulo chapoyera ayi: kufakitale ankatseka mizere ndi mitu ya misomali ya kutsogolo kwa phiko, nkusalaza, nkupenta penti wa aluminiyamu kuti mpweya uziyenda bwino. Choncho phiko la Mustang likhale la mtundu umodzi wosawala kwambiri, mizere yambiri yotsekedwa, pamene thupi likunyezimira ndi malata osiyanasiyana. Chiwongolero cha kumchira chinali chokutidwa ndi nsalu yopakidwa siliva, nachonso chikhale chothimbirira. Pa Sabre, chigawo chapakati pa phiko chimaoneka chotuwa mosiyana ndi kutsogolo ndi kumbuyo kwake, ndipo lata la potulukira mfuti ndi loderako. Chrome ndi anzake salola tepi. Pa iwo tchingani ndi pepala lonyowa kapena timapepala tomata ta muofesi.

Mitundu ina, monga chigamba chobiriwira cha kutsogolo kwa woyendetsa chimene chinkateteza maso ku kunyezimira, ndi bwino kuipenta poyamba nkuitchinga, siliva abwere pambuyo. Penti wamba amapirira tepi kuposa siliva.

Ena amakuta ndege ndi foyilo, ya Bare-Metal Foil kapena ya kukhitchini yopyapyala yopakidwa guluu wa Microscale, lata limodzilimodzi, nkumakanikiza ndi kamtengo ka thonje. Chimenecho ndi chitsulo chenicheni ndipo pa tindege ta 1/48 ndi 1/32 (tochepa ka 48 ndi ka 32 poyerekeza ndi ndege yeniyeni) chimakongola, koma pamphuno ndi pansonga za mapiko foyilo imachita makwinya, ndipo pa 1/72 phindu lake silifanana ndi nthawi imene imadya.

Vanishi aliyense amachepetsako maonekedwe a chitsulo, chifukwa kuwala kumayamba kubwerera pa vanishi m'malo mwa pa siliva. Pa Alclad wamba zizindikiro zomata zimagwira popanda vanishi, popeza pamwamba pake ndi posalala kale. Dulani kapepala koonekera ka m'mphepete mwa chizindikiro chilichonse ndi mpeni wakuthwa, chifukwa pa siliva kamaoneka. Mankhwala ofewetsa zizindikiro pakani pa chizindikiro pokha, dontho likatsalira pa siliva limasiya banga. Ngati mukufuna kuteteza, ulendo umodzi wopyapyala wa vanishi wa madzi monga Aqua Gloss ndi wokwana, ndipo wosawala apite pa chigamba chobiriwira ndi pa zizindikiro pokha.

Podetsa mizere pewani wakuda bii. Wotuwa woderako ndiye amaoneka ngati mthunzi wa pakati pa malata. Penti wa mafuta wosungunula ndi thina wa white spirit amachotsa AK Xtreme Metal nthawi yomweyo ngati palibe vanishi pakati, ndipo amatha kuthimbiriritsa ngakhale lacquer mukakwecha. Yesani kaye pa supuni yapulasitiki imene munaipenta limodzi ndi ndege, kapena gwiritsani ntchito chodetsera cha madzi. Utsi wa injini ya Mustang upopereni pomaliza, wofiirira wosakaniza ndi wotuwa, gawo limodzi la penti pa asanu ndi anayi a thina, kuchokera pa mapaipi kutsetserekera kumbuyo motsata kupindika kwa mpweya pamwamba pa phiko.