Pepala lililonse ndi curve yake: kusindikiza zithunzi za black and white

Chithunzi cha mkwati atavala suti yakuda chimaoneka bwino pa sikirini, koma chikatuluka pa pepala la matte (losanyezimira), kolala, thumba la jekete ndi tsitsi zonse zaphatikizana kukhala chikuda chimodzi. Ambiri amathamangira kudzudzula inki, pomwe cholakwika ndi kugwiritsa ntchito curve imodzi pa mapepala onse; curve ndi mzere wa mu Photoshop wosinthira kuda ndi kuyera kwa chithunzi.

Pepala lonyezimira, la glossy ndi la luster, limasunga inki pamwamba, n'chifukwa chake kuda kwake kumazama. La matte limamwa inki, kadontho kalikonse kamafalikira n'kukula. Motero malo otuwa amada mopyola muyeso, pomwe pakuda penipeni sipafika pa kuda kwa glossy. Curve ndiyo imawongola zimenezi musanatumize chithunzi ku pulinta.

Musanakhudze chilichonse, sindikizani nozzle check, timizere toyesera ngati timabowo totulutsa inki tili totseguka. Ngati mizere ikuduka, tsukani mutu wa pulinta kaye, chifukwa curve singakonze kabowo kotsekeka. Pa Media Type sankhani mtundu weniweni wa pepala, poti ndi pomwe pulinta imadziwira kuchuluka kwa inki yothira. Ngati pulinta yanu ili ndi inki zakuda ziwiri, Matte Black ndi ya matte, Photo Black ndi ya mapepala onyezimira. Onetsetsaninso kuti mitundu ikuyendetsedwa ndi chimodzi chokha, Photoshop kapena pulinta, osati zonse ziwiri.

Tsopano pangani pepala loyesera. Mu Photoshop kapena GIMP kokani gradient kuchoka kokuda kufika koyera, kenako Posterize muike 21. Mupeza timabokosi 21, kalikonse kosiyana ndi kanzake ndi 5 peresenti. Pansi pake jambulani timabokosi tina takuda ta RGB 0, 4, 8, 12 mpaka 40, ndi toyera ta 255, 252, 249 mpaka 240 (pa manambala a RGB, 0 ndi kuda kwenikweni, 255 ndi kuyera kwenikweni). Sindikizani pa pepala lomwe mukufuna kugwiritsa ntchito, osati pa bondi yotchipa poopa kuwononga.

Musaweruze pompo. Inki ikamauma kuda kumasintha, ndipo kuno ku Mzuzu, ndi chinyezi cha nyengo ya mvula komanso nkhungu ya m'mamawa ya June ndi July, imachedwa kuuma. Lisiyeni ligone mpaka mawa lake. Mapepala otsala abwezereni m'paketi n'kutseka, chifukwa akamwa chinyezi amapindika ndipo mutu wa pulinta umawakhula m'mbali n'kusiya madontho.

Kukacha liyang'aneni pafupi ndi windo, osati pansi pa getsi. Funani kabokosi koyamba komwe diso likutha kukasiyanitsa ndi ka 0. Pa glossy kamakhala koyambirira ndithu, pa matte mutha kupeza kuti onse mpaka 20 akuoneka amodzi. Tiyerekeze kuti kabokosi koyamba kusiyanako ndi ka 20. Tsegulani Curves ngati adjustment layer, siyani 0 pa 0 kuti kuda kusasuluke, muike kadontho pa Input 8 (nambala yomwe ili pa chithunzi) n'kukweza Output (nambala yomwe mukufuna ikhale) kufika cha m'ma 20. Ulusi wa suti ndi tsitsi zomwe zinamira zija ziyamba kuoneka.

Pakati pa mzere ndi pofunika kudekha, chifukwa nkhope za anthu athu ambiri zimagwera kumunsi kwa pakatipo. Ngati kabokosi ka 50 peresenti katuluka koderapo, kwezani Input 128 kufika Output 136 kapena 140, muikenso kadontho pa 64 kuti mzere ukwere mosalala. Timadontho titatu kapena tinayi takwana. Mzere ukakhala ndi gawo lathyathyathya, masaya amaoneka ngati apakidwa phulusa, ndipo ukakhota mwadzidzidzi pamabwera mikwingwirima m'mitambo ndi pakhoma. Kumbali yoyera nthawi zambiri sikuvuta: ngati 252 akufanana ndi pepala, tsitsani pang'ono Input 250 kufika 245 kuti velo ya mkwatibwi isasowe.

Sindikizaninso timabokosi taja curve ili yoyatsa. Kawiri kapena katatu mudzaona onse 21 akusiyana bwino. Sungani curve ngati preset, dzina lake likhale la pepala, kulemera kwake ndi pulinta, monga matte 230 gsm L805. Mukasintha kampani ya pepala kapena inki yothira m'mathanki, yesaninso.

Chinthu chimodzi curve iyi sichiritsa. Mapulinta okhala ndi inki yakuda imodzi amapanga kutuwa posakaniza cyan, magenta ndi yellow, ndiye chithunzi chimapendekera ku girini kapena pinki. Zikatero sankhani Black Ink Only mu dalaivala, pulogalamu yoyendetsa pulinta, ngati ikulola pa pepala limenelo, ngakhale timadontho timaonekako mukayandikira. Amene ali ndi Epson yokhala ndi inki zotuwa agwiritse ntchito Advanced B&W Photo, koma curve apangenso yake ya pamenepo, chifukwa yakale ija sigwiranso.