Musanatumize makina a khofi kumudzi, onani magetsi, madzi ndi wonyamula

Abale anga a ku Joni, ku UK, ku Ireland ndi ku America, ngati mukufuna kugulira banja lanu la ku Salima kapena ku Nkhotakota makina ophikira khofi, yambani mwaganizira khitchini yomwe makinawo akakhale. Ambiri mumagula chimene chakukongolerani m'sitolo, chonyezimira, cha mabatani ambirimbiri, n'kuiwala kuti kuno magetsi amathimathima, madzi a m'mijigo yambiri ndi amchere, ndipo zipangizo zosinthira simungazipeze pa Kamuzu Road. Makina otere ali mbwee m'nyumba za kuno, ali pamwamba pa kabati atafunditsidwa kansalu, ndalama zanu zitapita pachabe.

Ngati ndi ogwiritsa ntchito pakhomo panu komweko, gulani a m'dziko lomwe mukukhalalo, sungani lisiti, basi. Mavuto amayamba makinawo akangodutsa malire.

Choyamba imbani foni kumudzi mufunse kuti amamwa chiyani m'mawa. Ngati amayi ndi a tiyi wa Chombe ndipo ana amakonda Ricoffy, makina sakufunika, atumizireni ketulo yabwino ndi fulasiki. Ricoffy, Frisco ndi Nescafé wa m'chitini ndi wosungunula m'kapu. Makina amafuna khofi weniweni wokazinga ndi kupera, uja amasiya nseche. Anthu osauzidwa amathira Ricoffy m'thanki ya madzi, ena mkaka ndi shuga, timapaipi ta mkati n'kumatirira tsiku lomwelo. M'thankimo mumalowa madzi okha. Zimenezi muwauze mobwereza.

Kenako tembenuzani makinawo muwerenge kapepala kali pansi. Magetsi a ku Malawi ndi 230V, 50Hz, ndiye kapepalako kalembedwe 220–240V. A ku South Africa, ku UK ndi ku Ireland mulibe vuto pamenepa. A ku America ndi ku Canada ndi amene mumandikwiyitsa, chifukwa kwanuko magetsi ndi 120V ndipo mumatumizabe. Mumati poti tchaja ya foni ndi ya laputopu zimagwira kulikonse, makina a khofi nawonso agwira. Ayi ndithu. Tchaja imalembedwa 100–240V, koma chitsulo chotenthetsera madzi chinapangidwira mphamvu imodzi yokha. Mukachilowetsa pa 230V chimatentha kuposa katatu mmene chiyenera kutenthera, n'kupsa madzi asanawire n'komwe. Thiransifoma yotsitsa magetsi yoti n'kunyamula makina a 1500W iyenera kukhala ya 2000W kapena kuposa, ndi yolemera, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umaposa wa makinawo. Musagule za 120V, ngakhale atatsitsa mtengo chotani.

Pulagi ya ku UK ndi ya ku Ireland ndi yofanana ndi yathu, ya mano atatu amakona. Ya ku Joni ili ndi mano atatu akuluakulu ozungulira, ya maiko ambiri a ku Ulaya awiri. Musadalire timaadaputa totchipa ta pamsika, timasungunuka chifukwa makinawa amakoka magetsi ngati ayironi. Choipa kwambiri ndi chizolowezi chija chokanikiza kamtengo pabowo lapamwamba la soketi kuti pulagi ya mano awiri ilowe. Pamenepo waya woteteza ku shoko sanalumikizike, chonsecho chinthucho chili ndi madzi mkati ndipo ochigwira ali ndi manja onyowa. Wamagetsi adule pulagi yakunjayo, aike yathu ya fyuzi ya 13A.

Nyumba ya sola nayo muiganizire. Makina a 1400W pa batire ya 12V amakoka ma amp oposa 100. Inveta ya 500W kapena 1000W, ija imayatsa mababu ndi wailesi ya kanema, imangolira n'kuzima, ndipo mukaumiriza mupha batire.

Makina a timakapu totseka tokhala ndi khofi mkati, monga Nespresso ndi Dolce Gusto, musatumize. Ndikudziwa kuti ndi amene mumagwiritsa ntchito kuntchito kwanu ndipo ndi osavuta. Koma kakapu kamodzi kali ndi khofi wa magalamu 5 kapena 6, wa munthu mmodzi. Paketi ya Nespresso imakhala ndi 10, ya Dolce Gusto 16, ndipo ta mtundu wina sitilowa m'makina a mtundu winawo. Banja la anthu 6 lomwa kamodzi patsiku limamaliza paketi ya 10 masiku awiri asanathe. Akatha akagula kuti? Musayembekeze kuwapeza m'magolosale a ku Salima kapena pa boma la Nkhotakota. Ndiye kuti mwadzimangirira kutumiza timakapu mwezi ndi mwezi, ndipo tsiku limene mudzasiye, makinawo atha ntchito ngakhale ali abwinobwino.

Makina akuluakulu aja operanso khofi okha, a sikirini ndi mabatani, ndi abwino kwa inu amene muli pafupi ndi owakonza. Mkati muli chigayo, pampu, malabala ndi kabolodi ka kompyuta. Kabolodiko sikapirira magetsi akabwera mwamphamvu pambuyo pothima. Komanso mkatimo mumakhala mofunda, monyowa, muli nseche za khofi, ndiye nyerere ndi mphemvu zimamangamo, makamaka nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala kunyanja kuno. Chitsimikizo cha sitolo chimene munapatsidwa ku Johannesburg kapena ku London sichikuthandizani makinawo ali ku Chipoka.

Oyenera banja ndi makina osefa, aja madzi amadontha pang'onopang'ono kudutsa mu khofi n'kugwera m'jagi. Sankhani a batani limodzi loyatsa ndi kuzimitsa, opanda wotchi kapena sikirini, a mphamvu ya pakati pa 800W ndi 1000W. Thanki ikhale ya malita 1.25. Pakatoni alemba kuti makapu 10, koma amawerengera timakapu ta 125ml. Pa makapu athu akuluakulu omwera tiyi ndi anthu 5 basi. Jagi ikhale yachitsulo yosunga kutentha ngati fulasiki, osati yagalasi. Yagalasi ikasweka simupeza ina yokwana bwino pamalopo, komanso imakhala pa kambale kotentha kamene kamawawitsa khofi akakhalapo kupitirira theka la ola. Sefa ikhale yotsuka, ya waya wosalala kapena nayiloni. Ngati makinawo amafuna sefa za mapepala, onani saizi yake, ambiri ndi nambala 4, ndipo mutumize mapaketi angapo limodzi. Muyeso wake ndi magalamu 60 a khofi pa lita imodzi ya madzi, pafupifupi masupuni akuluakulu 8 odzaza bwino. Akamaliza kuphika azule pulagi kukhoma, asangozimitsa batani.

Koma mutandifunsa ine, chinthu chimene sichikhumudwitsa kuno n'chosafuna magetsi. Pali jagi ija a ku Joni amaitcha plunger, ku UK cafetière. Gulani yachitsulo ya lita imodzi. Madzi awire pa mbaula kapena pa gasi, muwaphule, adikire pang'ono osakwana miniti, muthire pa khofi, mutakase, muvundikire mphindi 4, kenako mukanikize chogwirira pang'onopang'ono. Khofi wake akhale wopera mokhakhala. Akakhala wosalala ngati ufa woyera amatseka sefa, munthu n'kukanikiza ndi mphamvu, madzi otentha n'kumuthovukira m'manja.

Palinso kam'phika ka moka, kaja Alfonso Bialetti anayamba kupanga ku Italy mu 1933. Madzi amathiridwa m'munsi osapitirira kavalavu ka m'mbali, khofi m'kasefa ka pakati mongosalaza osatsendera, kenako kumanga bwino n'kuika pamoto wochepa. Kakayamba kulira kuti fwoo, kaphuleni. Kolembedwa makapu 6 kamatulutsa pafupifupi 300ml yokha, koma ndi khofi wamphamvu woti n'kusungunula ndi mkaka kapena madzi otentha. Pa mbaula makala akhale atayaka kale ndipo chogwirira chiloze kunja kwa moto, apo ayi chisungunuka. Labala ya pakati imatha, ndiye tumizani zina ziwiri kapena zitatu za saizi yomweyo.

Madzi ndi amene amapha makina mwakachetechete. Tayang'anani m'ketulo ya kwanu, ngati pansi pachita zoyera zokhakhala, zomwezo zidzamatirira m'timapaipi ta makina. Chizindikiro chake n'chakuti khofi amachedwa kudontha, makina amasokosera ndi kutulutsa nthunzi yambiri. Pa makina osefa, kamodzi pamwezi thirani vinega woyera theka, madzi theka, muyatse, akafika pakati muzimitse kwa mphindi 30, muyatsenso amalize. Kenako mudutsitsemo madzi okhaokha kawiri kapena katatu mpaka fungo lithe. Ngati pakhomo pali madzi a pampopi ndi a pamjigo, a makina akhale amene sachita zoyera m'ketulo.

Khofi musavutike kutumiza, tili naye. Mzuzu Coffee amachokera kwa alimi a m'mapiri a kumpoto monga ku Misuku, ndipo Satemwa ya ku Thyolo nayo imalima khofi. Agule wopera kale, wa paketi ya magalamu 250, yokwana malita 4. Akatsegula asunge m'botolo lotseka bwino, kutali ndi dzuwa ndi usipa, chifukwa khofi amakoka fungo.

Wonyamula katundu ndi amene ndikufuna mumvetsetse, chifukwa banja lathu linapwetekedwapo ndipo mpaka pano mtima sunatsike. Pali matransipota okhulupirika, koma alipo ena amene kachitidwe kawo ndi kamodzimodzi. Ku Joni amakulandirani ndi ulemu, "bwana musadandaule, mtengo umenewu ndi wa zonse, msonkho uli momwemo, katundu akafika pakhomo." Mumalipira zonse, osalemberana kanthu. Galimoto imanyamuka, kudutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete. Ikafika pa Mwanza kapena pa Dedza foni imalira, koma saimbira inu, amaimbira amayi kumudzi. Amati katundu wagwidwa pachipata, pakufunika ndalama zina lero lomwe, apo ayi alandidwa. Amayi ndi mantha amakongola ndalama kwa anansi n'kutumiza pa foni. Lisiti la msonkhowo simudzaliona.

Sizithera pomwepo. "Pakhomo" paja pamasanduka Lilongwe. Wina wa m'banja akwere minibasi kuchokera ku Salima kapena ku Dwangwa, akafufuze katoni pa mulu wa mafiriji, matilesi ndi njinga. Akaipeza ili yophwanyika m'makona chifukwa inali pansi pa zonsezo, tepi yake yamatidwanso kachiwiri. Kufika kunyumba, jagi yagalasi ili zidutswazidutswa, kasefa kulibe, mapaketi a khofi munaika m'mbali aja asowa. Mukamuimbira amati munapakira nokha, iye sanatsegule, ndipo pakapita masiku nambala yake sipezekanso. Chowawa n'chakuti kumudzi amachita manyazi kukuuzani zonse, amangoti zafika, zikomo, kuopa kuti mukhumudwa. Inu mumadzazindikira pa Khirisimasi mutaona makina ali pakabati opanda jagi.

Ndiye achimwene, achemwali, musachite ulesi pa izi. Funsani anthu a kwanu amene munthuyo anawanyamulirapo katundu mpaka kufika, osati amene amangomudziwa kutchalitchi. Mgwirizano ulembedwe pa WhatsApp: mtengo wonse, ngati msonkho uli momwemo, malo enieni okatula katundu, ndi zoti china chilichonse chokhudza ndalama aimbire inu, osati kumudzi. Amayi muwauziretu kuti asatumize ngakhale tambala kwa aliyense. Lipirani theka, lotsalalo katundu akafika. Akakana zimenezi, musiyeni, alipo ena. Jambulani makinawo, nambala yake ya pansi ndi chipangizo chilichonse musanatseke katoni, zithunzizo mutumize kwa wonyamula ndi kwa wokalandira. Mupatseni kope la lisiti la kusitolo, chifukwa msonkho wa MRA umawerengedwa potengera mtengo wa katundu, ndipo munene kuti mukufuna kuona lisiti la msonkho umene walipira.

Popakira, ngati makinawo anagwirapo ntchito, khuthulani madzi onse ndi kuwaumitsa. Jagi ndi sefa zikulungidwe pazokha ndi thaulo kapena zovala, katoni ya kusitolo ilowe m'katoni ina yolimba yosalemba kanthu, kuti chithunzi cha makina chisaonekere kunja. Plunger yachitsulo ndi kam'phika ka moka n'zazing'ono, zimakwana m'chikwama chanu kapena cha mnzanu wopita kumudzi, osafuna transipota n'komwe.

Wokalandira atsegule katoni pamaso pa wonyamulayo, afananize ndi zithunzi, ndipo akafika pa magetsi ayese makinawo ndi madzi okha. Madzi akadutsa otentha, osadontha pansi, akuimbireni, ndipo pamenepo mpamene mutumize theka lotsala lija.