Wosiya sukulu musamulowetsere khomo lililonse

Ndili m'gulu la amayi la pasukulu ya pulayimale kuno kwa Santhe, ndipo ndiyambe ndi pamene tinaphonya. Panali mnyamata wa zaka 15 yemwe anasiyira Sitandade 3 makolo ake atapita kukakhala matenanti pa esiteti ya fodya. Atabwerera kumudzi tinamunyengerera, tinamugulira makope, n'kukamukhazika pansi pakati pa tiana ta zaka 8. Tianato tinayamba kumutchula kuti "abambo". Analowa Lolemba, pofika Lachinayi anali atabwerera kudimba. Cholakwa chinali chathu. Tinkadziwa khomo limodzi lokha.

Choyamba, fufuzani chomwe chinatulutsa mwana m'sukulu. Musamufunse makolo ali pomwepo, angokuyankhani kuti "ndinatopa nayo". Mtsikana ndimacheza naye tikutongola chimanga kapena popita kumjigo, ndipo mpamene zimatuluka: mimba, kusowa sopo ndi nsalu pa masiku a kumwezi, kubwereza kalasi imodzi katatu, kapena kutumidwa ku ganyu. Chifukwacho mukapanda kuchichotsa, chidzamutulutsanso.

Kenako onanani ndi eni mwana. Kuno kwathu mwini mbumba ndi atsibweni, ndiye mukagwirizana ndi mayi okha nkhani imakagwa madzulo omwewo. Ine ndimapita ndi mnzanga mmodzi, tikakhala pamphasa ndimati, "Atsibweni, mwanayu ndi wanu, ife tangobwera kudzapempha." Ngati nkhani ndi ya banja laubwana, pitani ndi anyakwawa. Kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosakwana zaka 18, ndipo mawu amenewa amalemera akatuluka pakamwa pa amfumu kusiyana ndi pa ife.

Tsopano makomo aja obwererera kusukulu.

Mwana wamng'ono amene wangojomba miyezi ingapo abwerere kupulayimale komweko. Kulibe fizi chiyambire 1994, ndipo kusowa yunifolomu si chifukwa choti mwana abwezedwe. Koma wamkulu ngati mnyamata wathu uja, kapena amene sanapondeko m'kalasi, mufunsireni za makalasi a CBE, omwe ndi makalasi apadera a ana amene sali pasukulu. Amenewa anakonzedwera ana a zaka 9 mpaka 17, amaphunzira maola ochepa patsiku pamodzi ndi a msinkhu wawo, ndipo akagwira kuwerenga ndi masamu amakalowa kupulayimale m'kalasi yapamwamba. Si dera lililonse lili nawo. Wodziwa ndi mlangizi wa maphunziro wa zoni yanu, a PEA, amene mumawapeza ku TDC, likulu la aphunzitsi la zoniyo.

Pa mtsikana wobereka ndikhalitsepo, poti mpamene timavutika kwambiri. Boma linalola kuyambira 1993 kuti wotenga mimba abwerere kusukulu akabereka, ndipo kawirikawiri amabwerera pakatha chaka. Makolo ambiri sadziwa zimenezi mpaka lero. Mimba ikangodziwika, kholo lipite kwa ahedi ndi kalata yonena kuti mwana wapuma ndipo adzabwerera. Musalole kuti angozimiririka, chifukwa pobwerera dzina limakhala litafufutidwa kale. Nthawi ikakwana mulemberenso kalata ina. Ngati akuopa kusekedwa, pemphani transifa apite kusukulu yoyandikana nayo; kuyenda mtunda n'kopepuka kuposa kulozedwa chala tsiku ndi tsiku. Ndipo musanagule ngakhale pensulo, funsani kuti khandalo lizitsala ndi yani. Mwana wa mchemwali wanga anakhoza Sitandade 8 chifukwa agogo ake anavomera kulera m'mawa, iye n'kumathamangira kunyumba pa buleki kukayamwitsa. Pamene palibe wolera, kalata zonse zija n'zachabe.

Wosiyira kusekondale, kapena amene sanasankhidwe atalemba mayeso a Sitandade 8, ali ndi sukulu za open. Zimachitikira m'makalasi a sekondale omwewo masana ophunzira ena akaweruka, ndipo safunsa zaka. Ndaonako mayi wa ana atatu atakhala desiki imodzi ndi mtsikana wa msinkhu wa mwana wake. Kumeneko amalipira pa teremu, choncho werengerani ndalamayo musanalonjeze. Amene anafika Fomu 4 koma sanakhoze bwino angathe kulembetsanso mayeso a MANEB ngati wapadera. Mumuuze alimbikire Chingerezi, chifukwa akachilephera satifiketi ya MSCE siituluka ngakhale masamu atakhoza bwanji. Ndipo tsiku lotsekera kulembetsa mulilembe pakhoma, silidikira kuti mugulitse soya.

Akuluakulu osadziwa kulemba ali ndi sukulu za kwacha, zomwe amayang'anira ndi alangizi a chitukuko. Amayi savuta. Abambo ndiwo amachita manyazi, ndiye musawauze kuti "kaphunzireni a e i o u". Ine ndimawafunsa kuti, "Bambo, pepala lomwe limabwera mabelo anu akagulitsidwa ku Chinkhoma amakuwerengerani ndani?" Amayamba aseka, kenako amafunsa tsiku. Wachinyamata amene mtima wake suli pa kalasi musamukakamize. Ukalipentala, utelala ndi zowotcherera za TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, ndi sukulunso.

Nthawi yoyambitsa nkhani ndi Juni kapena Julayi, pamene ndalama ya fodya ndi mtedza ikadali m'thumba ndipo sukulu yotsegulira mu Seputembala ili pafupi. Mukadikira Okutobala mupeza yonse yapita ku feteleza. Ngati pakhomopo palibiretu, kalembetseni mwanayo ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma, komwe kumadzera thandizo la fizi, ndipo pitani ndi kalata ya ahedi ndi ya amfumu.

Ena amati wokhalitsa kunyumba mutu umauma. Ine ndimawakumbutsa za William Kamkwamba wa kwa Wimbe, konkuno ku Kasungu. Anasiya sekondale chifukwa cha fizi pa njala ya 2002, koma sanasiye kupita ku laibulale, mpaka anapanga makina a mphepo opangira magetsi, ndipo anadzamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America mu 2014. Ndiye pamene mukudikira teremu, mubwerekereni mabuku kwa aphunzitsi, asakhale chabe.

Akalowa, ntchito siinathe. Miyezi yoopsa ndi Januwale mpaka Malichi: nkhokwe zapepuka, fodya akufuna kuthyola ndi kusoka, ndipo dzanja la mwana limaoneka lofunika m'chigafa kuposa m'kalasi. Ife timagawana mayina, mayi aliyense ana atatu, ndipo Lachisanu lililonse timakaona kaundula wa aphunzitsi. Mwana akajomba masiku atatu otsatizana, Loweruka m'mawa timakhala tili pakhomo pawo asanapite kumunda.