Kunjenjemera kwa Hilux yanga nditaikweza

Maenje a m'misewu ya ku Dzivarasekwa, mumzinda wa Harare ku Zimbabwe, ndiwo anandikakamiza kukweza Hilux yanga ya dizilo, ya injini ya 2.5 D-4D. Ndinaikweza ndi mamilimita 50, n'kuchotsa matayala a 265/65 R17 kuikapo okulirapo a 285/70 R17.

Tsiku lomwelo vuto linayamba. Ndikangonyamuka pa maloboti, giya yoyamba ndi yachiwiri, galimoto yonse inkanjenjemera pansi pa mpando, makobiri ali m'kabokosi kuchita kulira. Ikathamanga, zii. Ndinapita kawiri kokachita balansi matayala, osasintha kanthu.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wachikulire wa ku Mbare, mu Harare momwemo, makolo ake kwawo ku Dedza. Anagona chagada pa katoni pansi pa galimoto, nati, "Achimwene, bwerani muone. Mwakweza kumbuyo, koma propshaft mwaisiya yopindika kwambiri pakati apa." Tinamasula mabauti awiri a centre bearing, chogwirizira pakati pa propshaft (chitsulo chachitali chozungulira chopereka mphamvu ya injini ku matayala akumbuyo), n'kulowetsapo tizitsulo kuti itsikeko pang'ono. Tinayesa katatu, kuwonjezera pang'onopang'ono, mpaka kunjenjemera kunatheratu pa Bulawayo Road. Mabauti tinaika ataliatali, chifukwa akale sakanagwira mokwanira, ndipo pamenepo sindikanalola zachidule.

Matayala akuluwa analemetsanso galimoto ponyamuka. Choncho injini ndinakaichunitsa pa kompyuta, koma ndinakana zowonjezera dizilo wambiri, poti Harare ili pamtunda, pafupifupi mamita 1,500, pomwe mpweya ndi wochepa, ndipo utsi wakuda suchedwa. Tinayamba tatsuka EGR, valavu yobwezera utsi wina mu injini, yomwe inali itadzaza mwaye.

Chotsala ndi sipidomita: tayala lakula ndi 7 peresenti, ndiye imaonetsa liwiro lochepa kuposa lenileni, moti liwiro ndimayang'anira pa GPS ya foni.