Tetezani Khanda Kachilombo ka Herpes Kasanapeze Polowera

Matuza aang'ono amene amatuluka m'mbali mwa milomo, makamaka munthu akadwala malungo kapena akatopa kwambiri, amayamba chifukwa cha kachilombo ka herpes simplex. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuyerekeza kuti anthu 64 pa 100 alionse osakwana zaka 50 ali ndi mtundu woyamba wa kachilomboka, wotchedwa HSV-1, ndipo ambiri sadziwa n'komwe. Mtundu wachiwiri, HSV-2, umayambitsa zilonda kumalo obisika. Kwa munthu wamkulu matuzawa amapola okha, koma kwa khanda la masabata ochepa kachilombo komweka kangathe kufika ku ubongo ndi kuchiwindi n'kupha mwanayo.

Kachilomboka sikangaswane pakokha, choncho kayenera kulowa m'selo lamoyo (maselo ndi tizigawo ting'onoting'ono timene timapanga thupi). Kali ndi chikuto cha mafuta chimene pamwamba pake pali mapuloteni ogwirira. Kakafika pa selo, mapuloteni otchedwa gC ndi gB amakakamira ku timaulusi ta heparan sulfate tokuta selolo, monga momwe njere za chisoso zimamatirira pachovala. Kumata kokhako sikokwanira. Puloteni ina, gD, iyenera kugwira puloteni ya selo imene ikugwirizana nayo, ndipo ziwiri zodziwika bwino ndi HVEM, imene akatswiri anaizindikira mu 1996, ndi nectin-1, imene inadziwika mu 1998 kuti nayonso ndi polowera. Zikagwirana, gD imasintha maonekedwe n'kudzutsa mapuloteni ena awiri a kachilomboka, gH ndi gL, kenako gB imalumikiza chikuto cha kachilombo ndi chikuto cha selo, ndipo zam'kati mwa kachilombo zimakhuthukira m'selomo.

Ntchito yeniyeni ya nectin-1 ndi kulumikiza maselo oyandikana, motero imabisika pakati pawo, pansi pa khungu louma lakunja limene maselo ake ndi akufa kale. Ichi ndicho chifukwa chake kachilomboka kamalephera pakhungu labwinobwino koma kamalowa mosavuta m'kamwa, m'maso, kumalo obisika ndi paliponse pamene khungu lachekeka kapena lakandidwa. Puloteni yomweyi imapezekanso pa mitsempha yotumiza mauthenga ku ubongo, ndipo kachilombo kakalowa m'menemo kamakabisala moyo wonse wa munthu, n'kumadzuka thupi likafooka.

Aliyense amene ali ndi matuza pamilomo, kapena akumva kuyabwa ndi kutentha kumene kumayamba matuza asanatuluke, asapsompsone khanda mpaka zilondazo zitapoleratu. Ndikudziwa kuti nkovuta kuletsa agogo kapena azakhali amene ayenda mtunda wautali kudzaona mwana, koma kuwauza mwaulemu kuti amunyamule atasamba m'manja, osamugunditsa pakamwa, si mwano. Musatafunire mwana chakudya, musanyambite supuni yake, ndiponso musamupukute kumaso ndi nsalu imene mwapukutira pamilomo yanu. Mwana wa khungu loyabwa ndi losweka afunika kusamalidwa koposa, popeza ali ndi malo ambiri olowera.

Sambani m'manja ndi sopo nthawi zonse mukakhudza chilonda. Sopo amasungunula chikuto cha mafuta chija, ndipo mapuloteni ogwirira akachoka, kachilombo sikangalowenso m'selo lililonse. Musaphulitse matuza, chifukwa madzi ake amakhala odzaza ndi tizilombo, ndipo chala chonyowa nawo chikapita kudiso chingabweretse zilonda zimene zimawononga kuona.

Mayi woyembekezera amene waona zilonda kumalo obisika, kaya iye kapena mwamuna wake, auze anamwino kusikelo mosachita manyazi. Ngozi imakula kwambiri ngati mayi watenga kachilomboka koyamba chakumapeto kwa mimba, pamene thupi lake silinapange chitetezo chopatsira mwana. Kondomu imachepetsa kufala ngakhale siitchinga khungu lonse, ndipo dziwani kuti kachilombo kangafale ngakhale zilonda zisakuoneka. Mayi wa matuza pamilomo apitirize kuyamwitsa, pokhapokha ngati chilonda chili pabere lenilenilo.

Mankhwala a acyclovir amaletsa kachilombo kuswana kakalowa kale m'selo, koma sachotsa kamene kabisala m'mitsempha, ndipo amathandiza bwino akayambidwa msanga. Khanda losakwana masabata 6 likatuluka matuza, likatentha thupi, likamakana bere kapena kugona mopitirira muyezo, thamangirani nalo kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwauze achipatala ngati pakhomo pali wina amene anali ndi zilonda zoterezi.